Funsani Malume: Mowa wa mango uja wautsa mapiri pachigwa

Mwezi uno makalata ambiri akamba nkhani imodzi. Anyamata ena ofulula mowa wochepa muno mu Lilongwe, aja mowa wawo amautcha craft, anatulutsa mowa wa mango kumapeto kwa December. Analengeza pa Facebook kuti mabotolo ndi owerengeka ndipo sadzaphikanso mpaka mango a chaka chamawa. Anayamba kugulitsa Loweruka m'mawa, dzuwa lisanalowe anali atatha. Dzina lawo sinditchula chifukwa sanandilipire kuti ndiwatsatse malonda, komanso sanandilakwire kanthu. Pa mulu wonsewo ndatolapo makalata awa.

Malume, ndinanyamuka m'mamawa, minibasi ziwiri kenako kabaza, kukafola mzere wa mowa wa mango uja. Mtengo wa botolo limodzi mutha kugula Green zinayi chenji n'kutsala. Ndinagula awiri. Nditatsegula, fungo linali la mango enieni, koma nditamwa, mayo ine! Kutsekemera kulibe ngakhale pang'ono, wowawasa, kukhosi gwaa. Pagulu lathu la WhatsApp tagawanika. Ena akuti atibera, sanaikemo mango koma mankhwala onunkhiritsa. Ena akuti ife ndife mbuli, tinazolowera Sobo. Kodi anatipusitsa? — Wokhumudwa, Area 25

Mphwanga, sanakupusitse. Kuwawasa komwe ukudandaulako ndi umboni woti mango analowamodi.

Mowa uliwonse amaupanga ndi yisiti. Timeneti ndi tizamoyo tosaoneka ndi maso, ndipo chakudya chake ndi shuga. Yisiti ikadya shuga imatulutsa zinthu ziwiri: ukali uja umaledzeretsa, ndi mpweya uja umautsa thovu. Shuga wa m'chimera cha balere ali wamitundumitundu, ndipo wina yisiti imalephera kumudya, amatsalira m'mowamo. N'chifukwa chake Stout amamveka wolemera mkamwa. Shuga wa m'zipatso ndiye wosavuta konse, yisiti imamuseseratu. Ukathira mango m'thanki momwe yisiti ili moyo, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri kutsekemera konse kumakhala kutasanduka mowa. Chotsala ndi fungo, mtundu wachikasu uja, ndi asidi wa chipatsocho. Mango ngakhale apse chotani amakhala ndi kuwawasa kwake, kungoti tikamadya shuga amakuphimba.

Izi si zachilendo kwa iwe. Thobwa lophika lero limatsekemera, ana amamwa. Lisiye m'chigubu masiku angapo mwezi wa October, upeza lasasa, chigubu chafufuma, agogo ayamba kuthamangitsa ana kuti asalawe. Kumene kwapita shuga wa thobwalo n'komwe kwapita wa mango ako.

Mnzanga wina anandisungira botolo limodzi, ndiye ndikulankhula zomwe ndinalawa. M'tambula unaoneka wachikasu, wa mbuu, osaonetsa chala mbali inayo. Thovu linali lochepa ndipo linazimirira msanga. Pansi pa botolo panali kansenga koyera, komwe ndi yisiti itakhazikika, kopanda vuto. Kuununkhiza, boloma weniweni wopsera m'dengu. Mkamwa munayamba kuwawasa, kenako kakomedwe ka chimera, kuwawa kwa hops, timaluwa tomwe amathira mumowa kuti uziwawa, kukumvekera kutali. Chigamulo changa n'chakuti ndi mowa wabwino, koma osati wochita kuuimbira nyimbo. Fungo linathawa tambula isanafike pakati, ndipo ndikuganiza kuti anathira mangowo molawirira, mowa ukadawira mwamphamvu. Mpweya ukamatuluka mothamanga umanyamula fungo la chipatso n'kupita nalo. Akatswiri amadikira kuwira koyamba kuthe, kenako n'kuthira zipatso kuti ziwire mwakachetechete.

Za mankhwala onunkhiritsa, anzakowo ayang'ane m'tambula. Mango enieni amasiya mowa uli mbuu chifukwa cha nsenga ndi ulimbo wa m'chipatsomo, pokhapokha ausefe ndi makina. Mowa wothira zonunkhiritsa nthawi zambiri umakhala woyera mbee, ndipo fungo lake limakhala la maswiti, losasintha kuyambira dontho loyamba mpaka lomaliza.

Mwina ufunsa kuti nanga zakumwa zotsekemera za m'masitolo zija amazipanga bwanji. Amayamba athana ndi yisiti, poisefa kapena potenthetsa mowawo pang'ono mpaka ife, n'kuthira shuga kapena madzi a zipatso pambuyo. Ena amathira zotsekemeretsa zomwe yisiti siingadye. Kusefa ndi kutenthetsako kumafuna makina omwe wofulula wamng'ono kawirikawiri alibe. Akati akusangalatse pokutsekera shuga ndi yisiti yamoyo m'botolo limodzi, zotsatira zake uziwerenga m'kalata yomaliza patsamba lino.

Komabe anyamatawa sindiwasiya osawadzudzula. Pa botolo anajambula mango akupsa akuchucha madzi, osalembapo paliponse kuti mowawu ndi wowawasa, wosatsekemera. Munthu amene akulipira mtengo wa Green zinayi ayenera kuuzidwa zimenezo asanatulutse ndalama. Ndipo awo akukutchulani mbuli pagulupo uwauze kuti Malume ati asiye matama. Munthu atha kumvetsa bwinobwino mmene mowa wapangidwira n'kusaukondabe. Botolo lachiwirilo uliziziritse kwambiri, umwe ndi kanyenya wa nkhumba wonona. Mafuta ndi kuwawasa zimagwirizana. Ukapanda kuukondabe, basi si wako.

A Malume, ine ndinayamba kumwa Carlsberg nthawi ya Kamuzu, ndipo sindinasinthe. Mowa ndi madzi, chimera ndi hops, basi. Ngakhale a ku Germany anaika lamulo lotero. Izi zothira zipatso ndi za azimayi ndi ana asukulu. Musawalimbikitse anyamatawa, akuononga mowa. — Mkhalakale, Kawale

Bambo, ulemu wanu. Lamulo mukunenalo lilipodi. Analikhazikitsa mu 1516 ku Bavaria, dera la ku Germany, pansi pa wolamulira Wilhelm IV, ndipo linati mowa uzipangidwa ndi madzi, balere ndi hops. Koma silinatsike kumwamba. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali kuteteza tirigu kuti ofulula mowa asamalimbirane ndi ophika buledi, ndipo m'lamulo lomwelo anaikamonso mitengo ya mowa. Yisiti sanaitchule n'komwe, chifukwa panthawiyo panalibe wodziwa kuti ndi chamoyo. Komanso a ku Germany omwewo lero amamwa Radler, mowa wosakaniza ndi chakumwa cha mandimu, ndipo ku Berlin mowa wawo wowawasa amauthira manyuchi a zipatso m'tambula.

Green wanuyo ali ndi mbiri yonyaditsa, ndipo sindingamunyoze. Fakitale ya ku Blantyre, yomwe inatsegulidwa mu 1968, inali yoyamba ya Carlsberg kunja kwa Denmark, ndipo kuyambira 2016 ili m'manja mwa Castel. Chomwe chimachititsa kuti botolo la lero likome chimodzimodzi ndi la chaka chatha chinachokera ku kampani yomweyo: mu 1883 katswiri wina, Emil Christian Hansen, ali ku labotale ya Carlsberg ku Copenhagen, anakwanitsa kupatula mtundu umodzi wa yisiti n'kuuweta pawokha. Izi zisanachitike, mowa wa ku Ulaya nawo unkadalira mwayi, mphika uno wakoma, winawu wasasa. Ndiye mowa woyera, wosasinthasintha womwe mukuutcha weniweniwo ndi wamng'ono msinkhu poyerekeza ndi wothira zipatso.

Dumphani malire a Germany mulowe ku Belgium. Kufupi ndi mzinda wa Brussels amafulula mowa wotchedwa lambic, ndipo yisiti sathiramo. Akaphika, amathira madzi a chimera otenthawo m'chiwiya chachikulu chosazama, chokhala ngati chiwaya cha tchipisi koma chodzaza chipinda, n'kuchisiya usiku wonse chosavindikira kuti yisiti yam'tchire ndi tizamoyo tina ta mumpweya tigweremo tokha. Amachita izi m'miyezi yozizira yokha. Kenako mowawo umagona m'migolo yamatabwa chaka chimodzi mpaka zitatu. Ukakhwima amathiramo tizipatso tofiira towawasa totchedwa cherry, n'kutuluka mowa wotchedwa kriek. Kampani ya Cantillon, yomwe inayamba mu 1900 ndipo ikadali m'manja mwa banja lomwelo, imathira magalamu 200 a zipatsozi pa lita iliyonse. Kriek ameneyo ndi wowawasa moti Wokhumudwa wa ku Area 25 akanalira. Mu 2016 bungwe la UNESCO linaika chikhalidwe cha mowa cha ku Belgium pa mndandanda wa chuma cha anthu onse, ndipo lambic ali momwemo.

Koma tisachite kupita kutali. Achaga a m'mphepete mwa phiri la Kilimanjaro ku Tanzania amafulula mbege ndi nthochi zakupsa ndi chimera cha mawere. Ku Rwanda kuli urwagwa, wa nthochi ndi mapira okazinga. Ku Eswatini mfula zikagwa mu February amafulula buganu, mpaka kuchita mwambo wa dziko lonse. Kwathu kuno masau ndi masuku akhala akulowa mumphika wa kachasu kuyambira kalekale, ndipo muno mu Lilongwe a Linga akhala akupanga vinyo wa chidede, jambula ndi zipatso zina kwa zaka zambiri.

Pa mawu oti "za azimayi" ndiye mwandikhumudwitsa, bambo. Masese onse amene munamwa kumudzi musanaone botolo la Carlsberg anafulula ndani? Amene ankaviika mawere, kuyanika chimera, kusinja, kutereka mbiya ndi kudziwa polawa kuti mowa wapsa sanali amuna. Amuna tinkangobwera ndi chipanda. Imwani Green wanu mwamtendere, palibe akukulandani.

Malume, ine ndinafika mochedwa ndinapeza watha. Madzulo omwewo ndinaona munthu wina akugulitsa mabotolo omwewo pa status, mtengo kuwirikiza kawiri. Anagula makireti awiri yekha. Kodi "ochepa" ameneyu si njira yongotipengetsa? Mango ali mbwee ku Wakawaka mpaka kuwolera pansi, bwanji osaphika wambiri? — Chemwali wa ku Gulliver

Chemwali, funso lanu lili pawiri, ndipo mbali imodzi mukulondola.

Mango ndi otchipadi mu December, koma si mango amene amadula. Chimera cha balere ndi hops zimachokera kunja, zimafuna ndalama zakunja zomwe tonse tikudziwa mmene zikusowera. Wofulula wamng'ono amakhala ndi mathanki owerengeka. Mowa wamba umatuluka m'thanki pakatha masabata awiri kapena atatu, pomwe wa zipatso umafuna masabata ena owonjezera kuti shuga wa zipatsozo athe. Nthawi yonseyo thankiyo siikupanga mowa womwe umalipira lendi. Onjezerani ntchito yosenda ndi manja, kuchotsa nthangala, kupota ndi kusefa ulusi, ndipo boloma ulusi ali nawo. Mukagula dengu lodzaza, gawo lalikulu limathera ku makoko ndi nthangala. Pomaliza, nsenga za zipatso zimamwa mowa wina womwe umatsalira pansi pa thanki n'kutayidwa. Nyengo ya mango ikatha mu January ndiye kuti kwatha, pokhapokha akhale ndi mafiriji aakulu ndi jenereta. Kuchepa kotereku n'koona.

Kuchepa kwabodza kuliponso. Kampani yaikulu yomwe imagula phala la zipatso losungidwa m'matumba, lopezeka chaka chonse, ikamalemba kuti "kwa kanthawi kochepa" dziwani kuti ndi a zamalonda akulankhula. Ndipo ang'onoang'ono nawo aphunzira kuti mzere wautali pakhomo ndi chithunzi chokoma pa Facebook. Anyamata athuwa akanafuna kuti mowawo ufikire anthu ambiri akanati munthu mmodzi mabotolo awiri kapena atatu. Kulola munthu mmodzi kunyamula makireti awiri, anthu ali pamzere padzuwa, kunali kulakwa.

Vutoli si lathu lokha. A Cantillon omwe ndatchula aja amatulutsa mowa wapadera wotchedwa Zwanze. Woyamba unatuluka mu 2008. Mwini wake, Jean Van Roy, ataona kuti anthu akugula mabotolo n'kumakagulitsa pa intaneti pa mitengo yoopsa, anasintha kachitidwe. Kuyambira 2011 mowawo amautumiza ku mabala osankhidwa m'mayiko osiyanasiyana, ndipo onse amautsegula tsiku limodzi, anthu n'kumwera pomwepo. Wofuna kugulitsa alibe chonyamula. Amonke ofulula mowa a ku Westvleteren, ku Belgium komweko, amauza wogula aliyense kuti asakagulitsenso mowa wawo. Ku America kampani ya New Glarus, yotchuka ndi mowa wa cherry, imagulitsa m'chigawo cha Wisconsin mokha ngakhale anthu a madera ena akuulirira.

Njira ya Zwanze ingatheke kuno mosavuta: mgolo umodzi pa bala ina ku Bwandilo, wina ku Old Town, tsiku limodzi, aliyense tambula yake.

Za wa pa status uja, musagule. Sindikunena za chilungamo chokha. Simukudziwa kuti makiretiwo agona masiku angati m'buti ya galimoto padzuwa la Lilongwe, ndipo mowa wosatenthetsedwa ngati umenewu kutentha ndi mdani wake wamkulu.

Malume, mlamu wanga samwa mowa chifukwa cha tchalitchi, koma uwu akuti ndi juwisi chabe popeza ndi wa mango. Anamwa awiri n'kuyendetsa galimoto. — Wodabwa, Biwi

Achimwene, mlamu wanuyo waledzera ndipo akudziwa. Green ali ndi ukali wa 4.7 peresenti, ndipo mowa wa zipatso kawirikawiri umakhala pomwepo kapena kuposa, popeza shuga wa chipatso naye wasanduka ukali. Awerenge pa botolo. Za iye ndi abusa ake sindilowererapo, koma makiyi a galimoto muzimulanda. Ndipo mabotolo okongolawa musawaike poti ana afikire. Lamulo ndi lomwe lija, wosakwana zaka 18 saloledwa.

Malume, bambo a kunyumba anagula mabotolo asanu ndi limodzi n'kuwabisa m'kabati ya mbale, ati tidzatsegula pa chinkhoswe cha mwana wathu mu August chifukwa mowa ukakhalitsa umakoma. Usiku wina tinadzidzimuka ndi phokoso ngati mfuti. Botolo limodzi linaphulika, magalasi a kabati anasweka, mbale zonse mowa okhaokha. Asanu otsalawo titani? Iwo akuti limenelo linali ndi mng'alu. — Mayi wa ku Area 36

Mayi, thokozani kuti panalibe mwana pafupi. Mng'alu utha kukhalapo, koma chomwe chinaphulitsa ndi mpweya. M'botolomo muli yisiti yamoyo. Ngati panatsala shuga wina pamene ankatseka, kapena munalowa yisiti yam'tchire yochokera pa makoko a mango, yomwe imadya ngakhale shuga amene yisiti yowetedwa imamusiya, kuwira kumapitirira. M'firiji yisiti imagona. M'kabati yotentha ya mu January imadzuka n'kuyamba ntchito, mpweya n'kumachuluka kopanda kotulukira. Zimenezi zavutitsa ngakhale ofulula a ku America, komwe zitini za mowa wothira phala la zipatso zakhala zikuphulika m'nyumba za anthu mpaka makampani ena kuitanitsa katundu wawo kuti abwezedwe.

Bambowo anamva theka la nkhani. Mowa wina umakomadi ukakhalitsa. Kriek wa ku Belgium uja atha kukhala zaka, koma chifukwa shuga yense anatha kalekale m'migolo, asidi wake ndi wambiri, ndipo amautsekera m'mabotolo okhuthala a mtundu wa champagne. Uwu wa mango uli m'botolo wamba lopyapyala, ndipo chomwe anaulipirira ndalama zambiri ndi fungo la chipatso, lomwe limachepa sabata iliyonse. Pofika August, ngakhale mabotolowo atapulumuka, akadzatsegula adzapeza mowa wowawasa wonunkha katoni yonyowa.

Chitani izi lero lomwe. Valani magalasi m'maso, ngakhale a dzuwa, ndipo botolo lililonse mulikulunge ndi thaulo lokhuthala musanalinyamule. Musaligwedeze. Muwaike m'firiji choimirira, usiku wonse. Ngati magetsi azima, ndowa ya madzi oundana ithandiza, muivindikire ndi kuiika panja. Mawa mutsegule limodzi muli pabwalo, kukamwa kwa botolo kutaloza kutali ndi nkhope, n'kumakweza chitsekerero pang'onopang'ono kuti mpweya uyambe watuluka. Likangofwamphuka thovu mpaka theka la botolo kutayika, dziwani kuti enawo ali chimodzimodzi, muwatsegule onse tsiku lomwelo. Lomwe chitsekerero chake chatukumuka musalisunge ngakhale ola limodzi. Akakhala kuti ali bwino, akhale m'firiji ndipo amwedwe mwezi uno usanathe.

Kenako bambowo apite kwa anyamata aja ndi zidutswa za botololo komanso chithunzi cha kabati. Asapite kukachita phokoso, koma akawauze, chifukwa ngati lanu laphulika ndiye kuti m'makabati ena mumzinda muno muli mabotolo ofanana nalo, ndipo ofululawo ayenera kuchenjeza onse amene anagula. Akawafunsenso ngati mowa wawo unayesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ndi chifukwa chomwe sanalembe pa botolo tsiku lotsekera ndi mawu oti usungidwe pozizira. Wofulula wanzeru adzalipira galasi la kabatiyo osatsutsa.

Za chinkhoswe musade nkhawa. August ndi nyengo ya malambe. Ngati anyamatawo adzaphike wa malambe, mudzagule sabata ya chinkhoswe yomweyo. Pakadali pano ana asayandikire kabatiyo mpaka mabotolo onse asanu atachokamo.